Kuchokera pa Mpeni Kufika pa Sopo: Mbiri ya Chisamaliro cha Miyendo Yotupa ku Malindi ndi Kwina

M'chaka cha 2020 bungwe la World Health Organization lidavomereza kuti Malawi wagonjetsa matenda a mtchetcha monga vuto la umoyo wa anthu ambiri. Kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, Malawi lidali dziko lachiwiri kufika pamenepa, kutsatira Togo amene adavomerezedwa mu 2017. Tanthauzo lake lidali lakuti kufala kwa tinyongolotsi toyambitsa matendawa kwatsika kwambiri, ndipo ana obadwa lero ali pachiopsezo chochepa. Koma chikalata sichiphwetsa mwendo. Amene miyendo yawo idatupa kale, ku Chikwawa, Nsanje, Karonga ndi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja monga Malindi ndi Lungwena, akhala nayo miyendoyo moyo wawo onse.

Pa nthawi yomweyi, ku Ulaya ndi ku America kwabuka nkhani ina ya miyendo yotupa. Amayi odwala matenda otchedwa lipedema akuchitidwa opaleshoni yopopa mafuta, imene dzina lake ndi liposuction, ndipo akatuluka m'chipatala amauzidwa kuti kuchira kwawo kudalira mmene asamalire timitsempha ta lymph. Nkhani ziwirizi zikuoneka zotalikirana, koma mbiri yake idayenda njira imodzi: madokotala adayamba n'kudalira mpeni, kenako mankhwala, ndipo pomaliza adazindikira kuti mwendo wotupa umasungidwa ndi chisamaliro cha tsiku ndi tsiku.

Timitsempha tosaoneka

Magazi akamayenda m'thupi, madzi ena amadontha kuchoka m'timitsempha ta magazi n'kulowa m'minofu. Madzi amenewa, pamodzi ndi zakudya zomanga thupi komanso tizilombo tolowera pakhungu, amatoleredwa ndi timitsempha tina topyapyala ta lymph. Timitsemphati timadutsa m'anabere a m'mphechepeche, m'khwapa ndi m'khosi, mmene madziwo amasefedwa asanabwerere m'magazi cha pansi pa khosi. Njira imeneyi ilibe mtima woipopa. Madzi amayenda chifukwa timitsemphato timadzifinya tokha, minofu imatikankha munthu akamayenda, ndiponso mpweya umawakoka munthu akamapuma. Njirayi ikawonongeka madzi amaima, chiwalo chimatupa, ndipo khungu limalephera kudziteteza ku tizilombo.

Asing'anga a ku Ulaya adachedwa kuiona njirayi. Gaspare Aselli wa ku Italy adaona timitsempha toyera m'matumbo a galu mu 1622, ndipo cha m'ma 1650 Thomas Bartholin wa ku Denmark ndi Olaus Rudbeck wa ku Sweden adafotokoza kuti timitsempha totere tili m'thupi lonse. Padapitanso zaka zoposa 200 kuti chimene chimatiwononga m'mayiko otentha chidziwike. Mu 1866 Otto Wucherer adapeza tinyongolotsi mu mkodzo wa odwala ku Brazil. Mu 1876 Joseph Bancroft adapeza nyongolotsi yaikulu ku Brisbane, ndipo n'chifukwa chake kachilomboka kamatchedwa Wuchereria bancrofti. Mu 1877 Patrick Manson, akugwira ntchito ku Amoy m'dziko la China, adasonyeza kuti tinyongolotsiti timakulira mu udzudzu. Aka kadali koyamba kutsimikizira kuti kachilombo koyamwa magazi kamatenga mbali pofalitsa matenda a anthu, ndipo padali zaka 20 Ronald Ross asanapeze zofanana ndi zimenezi pa malungo.

Malindi m'nthawi ya mpeni ndi bandeji

Chithandizo cha chizungu chidafika kugombe la kum'mawa kwa nyanja kudzera mwa amishoni a Anglican a bungwe la UMCA. Malindi idakhala malo awo okonzerako sitima, kuphatikizapo Chauncy Maples imene idayamba kuyenda panyanja mu 1901, ndipo pamalo pomwepo padakula chipatala cha St Martin's chimene chikugwirabe ntchito mpaka lero. Sitimayo inkanyamula ansembe, aphunzitsi ndi mankhwala kupita m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja. Ntchito yaikulu ya zipatala za mishoni pa nthawiyo idali malungo, zilonda za m'miyendo, maso ndi khate. Kutsuka chilonda ndi kuchimanga idali ntchito ya mmawa uliwonse, ndipo ambiri amene ankaigwira adali Aafirika ophunzitsidwa pamishoni pomwepo.

Pa mwendo wa mtchetcha padalibe mankhwala. Kumidzi anthu ankatemera mphini kuti madzi kapena magazi oipa atuluke, ndipo ena ankati wodwalayo waponda mankhwala. Madokotala a maiko akutali nawonso ankadalira kudula. Mu 1912 Havelock Charles, amene adagwira ntchito ku India, adalemba za opaleshoni yosenda khungu ndi mnofu wonse wotupa n'kumatapo khungu lina. Chaka chomwecho Emmanuel Kondoleon wa ku Greece adayesa kung'amba chikuta cha minofu kuti madzi apeze njira yatsopano. Zotsatira zake nthawi zambiri zidali zipsera zoipa, zilonda zosapola ndi kutupa kobwereranso. Mphini ndi mpeni wa dokotala zidali ndi vuto limodzi: zonse zinkatsegula khungu la chiwalo chimene sichitha kudziteteza.

Manja a Vodder

Njira ina idayambira kutali ndi matenda a m'mayiko otentha. M'zaka za m'ma 1930, Emil Vodder ndi mkazi wake Estrid, a ku Denmark koma akugwira ntchito ku France, adayamba kusisita khungu mopepuka potsata kumene madzi a lymph amalowera. Adaonetsa njirayi ku Paris mu 1936. Kusisitaku n'kosiyana ndi kutikita minofu mwamphamvu kumene anthu adazolowera. Dzanja limangokoka khungu pang'ono, ndipo wosisita amayambira kumtunda, pakhosi ndi m'mphechepeche, kuti atsegule kaye njira asanakankhe madzi ochokera kuphazi. Pambuyo pake Michael ndi Ethel Földi ku Germany adaphatikiza zinthu zinayi kukhala chithandizo chimodzi: kusamala khungu, kusisita, kumanga mabandeji kapena kuvala masokosi othina, ndi kulimbitsa thupi. Mwa zinayizi, kafukufuku wasonyeza kuti kumanga ndiko kumaphwetsa kwambiri, ndipo kusisita pakokha sikukwanira.

Chithandizochi chidapangidwira makamaka amayi otupa mkono atachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'mawere. Chinkafuna katswiri, mabandeji odula ndi masabata ambiri kuchipatala, choncho kwa nthawi yaitali anthu ankaganiza kuti sichingatheke kumidzi ya ku Africa.

Mwendo wonenepa umene si mtchetcha

Mu 1940 madokotala awiri a ku Mayo Clinic ku America, Edgar Allen ndi Edgar Hines, adafotokoza za amayi amene miyendo yawo idali yaikulu koma osati chifukwa cha madzi. Chimene chidachuluka adali mafuta, ndipo matendawa adawatcha lipedema. Amagwira pafupifupi akazi okhaokha, ndipo kawirikawiri amayamba pa kutha msinkhu, pa mimba kapena posiya kusamba. Miyendo yonse iwiri imakula mofanana kuchokera m'chiuno mpaka m'kakolo, koma mapazi amakhala abwinobwino, ngati kuti munthu wavala buluku lothina m'kakolo. Mwendo umapweteka ukakhudzidwa, umachita mikwingwirima msanga, ndipo suchepa kwenikweni ngakhale mayiyo achepetse kudya. Nthawi zambiri amayi kapena azakhali ake amakhalanso otero.

Mtchetcha umasiyana ndi zimenezi. Nthawi zambiri umayamba mwendo umodzi kapena umakula mosafanana, umagwira phazi ndi zala, ndipo poyamba ukadina ndi chala pamatsala kadzenje. Mu 1976 Robert Stemmer adafotokoza njira yosavuta yosiyanitsira: kutsina khungu la pamwamba pa chala chachiwiri cha phazi. Ngati khungu silikutsinika, vuto lili m'timitsempha ta lymph. Ngati likutsinika, ndipo phazi silotupa, lipedema ndi imodzi mwa zoyenera kuganizira. Mlangizi wa zaumoyo aliyense angathe kuyesa zimenezi pakhonde la wodwala.

Kwa zaka zambiri amayi otere ankangouzidwa kuti ndi onenepa. Lipedema idalowa payokha m'kaundula wa matenda wa WHO wotchedwa ICD-11, amene adayamba kugwira ntchito mu 2022. Kuno kwathu, kumene thupi lodzaza limayamikiridwa ndipo mwendo waukulu umakumbutsa mtchetcha, n'kosavuta kuti mayi wotere asaonedwe n'komwe kapena alembedwe m'kaundula wolakwika. Komanso mafuta akachuluka kwambiri, makamaka ngati pali kunenepa kwa thupi lonse, timitsempha ta lymph timalemedwa ndipo phazi limayamba kutupa madzi. Apa matenda awiriwa amakumana.

Kupopa mafuta ndi zimene zimatsatira

Opaleshoni yopopa mafuta idayambira ku Italy ndi ku France m'zaka za m'ma 1970, ndipo Yves-Gérard Illouz wa ku Paris ndiye adaitchukitsa. Poyamba idali yokongoletsa thupi basi, ndipo madokotala ankaopa kuichita pa lipedema poti timapaipi take tikanang'amba timitsempha ta lymph. Zinthu zidasintha mu 1987 pamene Jeffrey Klein wa ku America adalemba za njira yothira madzi ambiri osakaniza ndi mankhwala ochititsa dzanzi pansi pa khungu asanayambe kupopa. Mafuta amafewa, magazi satayika ambiri, ndipo timapaipi topyapyala timagwira ntchito. Madokotala a ku Germany adayamba kugwiritsa ntchito njirayi pa lipedema, akuyendetsa paipi motsata utali wa mwendo, osati mopingasa, pofuna kuteteza timitsempha. Odwala ambiri adanena kuti ululu udachepa ndipo kuyenda kudaphweka. Komabe umboni wake sunakhutiritse onse. Mu 2022 bungwe la NICE ku Britain lidalangiza kuti opaleshoniyi pa lipedema izichitika pokhapokha ngati ndi mbali ya kafukufuku.

Chimene onse amagwirizana n'chakuti ntchito siithera m'chipinda cha opaleshoni. Masiku oyamba timabala timadontha madzi aja adathiridwa. Mwendo umatupa kuposa kale, umalimba ndi kuchita dzanzi, ndipo kutupako kumatenga masabata kapena miyezi kuti kuthe, chifukwa timitsempha tavulala ndipo tikufunika nthawi yoti tilumikizane. Wodwala amavala chovala chothina, poyamba usana ndi usiku. Amalimbikitsidwa kuyenda pang'onopang'ono mwamsanga kuti magazi asaundane, amagona atakweza miyendo, amasisitidwa mopepuka monga adaphunzitsira Vodder, ndipo amasunga timabala mwaukhondo. Kutentha thupi, kufiira kofalikira, kupweteka kwa katumba wa mwendo umodzi kapena kubanika ndi zizindikiro zothamangira kuchipatala. Mayi wa ku Malawi amene angakachitidwe opaleshoniyi kunja n'kubwerera kumudzi patangopita masiku ochepa, atakhala maola ambiri m'ndege kapena m'basi, akhoza kufikira m'manja mwa namwino wa pachipatala chaching'ono, ndipo namwinoyo ayenera kudziwa zimenezi.

Phunziro lomweli lidaonekanso ku Malmö m'dziko la Sweden, kumene Håkan Brorson adapopa mafuta m'mikono ndi m'miyendo yotupa kwa nthawi yaitali chifukwa cha kuwonongeka kwa lymph. Ziwalozo zidabwerera pafupifupi mwakale, koma zinkakhala choncho pokhapokha wodwala akamavala chovala chothina moyo wake onse. Akasiya, kutupa kunkabwerera.

Zimene Recife idaphunzitsa dziko

Pa mtchetcha, mankhwala adabwera mu 1947 ndi diethylcarbamazine, ndipo pambuyo pake ivermectin ndi albendazole. Mankhwalawa amachepetsa tinyongolotsi m'magazi kotero kuti udzudzu sutola kanthu, koma mwendo wotupa kale saubweza. Anthu ambiri ankakhulupirira kuti wodwala wotere palibenso chomuchitira.

M'zaka za m'ma 1990 Gerusa Dreyer ndi anzake ku Recife, m'dziko la Brazil, komanso ofufuza ena ku India, adasonyeza kuti nyongolotsi imangoyambitsa vuto pokulitsa ndi kufooketsa timitsempha. Chimene chimakulitsa mwendo chaka ndi chaka ndi mabakiteriya olowera pa linyetsu la pakati pa zala, pa ming'alu ya chidendene ndi pa tizilonda. Akalowa, wodwala amazizidwa, amatentha thupi, mwendo umafiira ndi kupweteka, mwanabere amatupa, ndipo pakapita masiku khungu limasupuka. Nthawi iliyonse zimenezi zikachitika timitsempha tina timafa ndipo khungu limakhakhala. Kutsuka mwendo ndi sopo tsiku lililonse, kuumitsa pakati pa zala ndi kupoletsa tizilonda kudachepetsa kwambiri kudwala kotereku. Dreyer adasonkhanitsanso odwala m'magulu oti aziphunzitsana ndi kulimbikitsana. Ku Ethiopia, Ernest Price adali atasonyeza kale m'zaka za m'ma 1970 kuti pali kutupa miyendo kwina, kotchedwa podoconiosis, kobwera chifukwa choyenda opanda nsapato pa dothi lofiira la kumapiri, ndipo kumenekonso chithandizo chidapezeka kuti ndi sopo, madzi ndi nsapato.

N'chifukwa chake pamene msonkhano waukulu wa WHO udagwirizana mu 1997 zothetsa mtchetcha, ndipo ndondomeko ya dziko lonse idakhazikitsidwa mu 2000, idaima pa mizati iwiri: kumwetsa anthu onse mankhwala kuti matenda asafale, ndi kusamalira amene adatupa kale.

Ulendo wa Malawi

Kwa nthawi yaitali mtchetcha unkadziwika m'madera awiri, kuchigwa cha Shire ndi ku Karonga cha kumtsinje wa Songwe. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2003, amene Bagrey Ngwira ndi anzake adachita, adasonyeza kuti tinyongolotsi tidali m'maboma onse amene adayezedwa kupatula Chitipa, ndipo midzi ya m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa ndi imene idakhudzidwa kwambiri. Kuno amafalitsa ndi udzudzu wa Anopheles, womwewo wa malungo. Ambiri mwa anthu amene adapezeka nato sadali otupa, choncho matendawa adali obisika m'madera ngati Mangochi.

Unduna wa Zaumoyo udayamba kumwetsa anthu ivermectin ndi albendazole mu 2008, ndipo mu 2009 ntchitoyi idafalikira m'maboma onse okhudzidwa. Alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka ankayenda khomo ndi khomo kamodzi pachaka, atanyamula ndodo yoyezera msinkhu ndi kaundula. Kugawa maneti a udzudzu kudathandizanso. Pofika 2014 kumwetsa anthu onse kudaimitsidwa, ndipo kudatsala kuyeza ana a sukulu kuti zitsimikizike kuti matenda sakufalanso.

Mzati wachiwiri udayenda pang'onopang'ono. Mothandizana ndi Liverpool School of Tropical Medicine, alangizi a ku Chikwawa adayamba kutumiza chiwerengero cha odwala kudzera pa uthenga wa pafoni, ndipo abambo ambiri a phudzi adachitidwa opaleshoni. Phudzi ndilo vuto limodzi la mtchetcha limene mpeni umachiza ndithu. Ofufuza a pasukulu yomweyo adayesanso ku Bangladesh ndi ku Ethiopia kuwonjezera kupuma mokoka mpweya ndi kudzisisita mopepuka pa chisamaliro cha tsiku ndi tsiku. Motero njira ya Vodder, imene idayambira m'zipinda za olemera ku France, idafika m'manja mwa alimi.

Chotsalira ku Malindi

Moyo wa kunyanja uli ndi zake. Msodzi amakhala m'madzi usiku onse, mayi amachapa ndi kutsuka mbale ataima m'nyanja, ndipo khungu la pakati pa zala limafewa n'kung'ambika. Minga ya nsomba, zigoba ndi mchenga wotentha zimavulaza mapazi. Mwendo wonyowa si mwendo wotsukidwa. Uyenera kutsukidwa ndi sopo ndi madzi aukhondo osatentha, makamaka madzulo, kufikira m'makwinya monse, kenako kuumitsidwa ndi kansalu kofewa mosakhula. Wodwala ayang'ane tizilonda tsiku ndi tsiku, awenge zikhadabo mosamala, avale nsapato zosathina, agwedeze phazi ndi kuima pa zala kangapo patsiku, ndipo usiku akweze kumiyendo kwa mphasa kapena bedi. Mwendo ukafiira ndi kutentha, kusisita, kulimbitsa thupi ndi kumanga ziime kaye. Aikepo nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, amwe madzi ambiri ndi mankhwala ochepetsa ululu, ndipo apite kuchipatala kukalandira mankhwala opha mabakiteriya. Kuthowa ndi madzi otentha ndi kutemera mphini kumawonjezera vuto.

Mlangizi ayeneranso kukumbukira kuti si mwendo uliwonse wotupa umene uli mtchetcha kapena lipedema. Khansa ya pakhungu ya Kaposi, imene idachuluka m'Malawi limodzi ndi HIV, imatupitsa miyendo. Matenda a mtima, impso ndi chiwindi, kuundana kwa magazi ndiponso kuthamanga kwa magazi kwa mayi woyembekezera nazonso zimatupitsa, ndipo zina mwa izo zimapha msanga. Kutupa kwatsopano kuyenera kuonedwa ndi dokotala, ndipo bandeji yothina isamangidwe popanda wodziwa, makamaka kwa odwala shuga ndi amene magazi sayenda bwino m'miyendo.

Dera la Malindi ndi Lungwena si lachilendo pa kafukufuku. Ophunzira a College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, akhala akuphunzira za umoyo wa kumudzi ku Mangochi kwa zaka zambiri. Mafunso oyenera kufufuzidwa alipo: ndi anthu angati otupa miyendo amene ali m'kaundula wa chipatala chilichonse, ndi angati amadwala kufiira kwa mwendo pachaka, ndipo mwa amayi olembedwa kuti ali ndi mtchetcha, ndi angati amene mapazi awo ndi osatupa.

Ngozi ya matenda olengezedwa kuti atha ndi yakuti ndalama ndi maphunziro zimasamukira kwina, ndipo mlangizi watsopano amamaliza maphunziro ake osaonako mmene mwendo wotere umatsukidwira. Chivomerezo cha 2020 chidaperekedwa pamodzi ndi lonjezo lakuti odwala apitiriza kusamalidwa. Lonjezolo silifuna makina. Lifuna sopo, beseni, kansalu, mankhwala opaka pa linyetsu, ndi munthu wobweranso mwezi wamawa kudzayang'ana pakati pa zala.